Thabwa Lobwereka

Pa koleji ina ya aphunzitsi aliyense ankavomereza kuti olumala aziphunzira limodzi ndi anzawo, bola asafike m'kalasi mwake. Choncho mayi wina woyenda pa njinga ya olumala atalembedwa, aphunzitsi onse anaitanidwa ku msonkhano.

Anayamba kulankhula ndi mkulu wa dipatimenti, amene ophunzira ankamutcha Kafukufuku chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pake.

"Kafukufuku akuonetsa kuti pasakhale wotsalira," anatero akugogoda tebulo. "Kungoti kalasi yanga ili ndi masitepe. Bwanji apite kwa anzathu a masamu?"

"Ine ndi manja awiri," anayankha wa masamu, dzanja lili pachifuwa. "Koma chitseko changa n'chopapatiza."

Wa sayansi ankaopa kuti mankhwala angamutayikire. Wa nyimbo anati za olumala sanaziphunzire. Anakhazikitsa komiti, ndipo mayiyo anayamba kumvera maphunziro ali panja, pawindo.

Kenaka kunamveka kuti kukubwera alendo a bungwe lina, ndipo abwera ndi makamera. Tsiku limenelo pa masitepe a Kafukufuku panapezeka thabwa lobwereka kwa kalipentala. Chitseko cha masamu nachonso chinakula: anangosuntha kabati imene inali kuseri kwake.

"Wophunzira uyu ndi wanga," anatero Kafukufuku atagwira chogwirira chimodzi cha njinga.

"Wanu kuyambira liti?" Wa masamu anakoka chinacho.

"Abambo, mundigwetsa," anatero mayiyo. "Kodi lero tiphunzira chiyani?"

"Mwetulirani kaye, mayi," anatero Kafukufuku. "Zophunzira mawa."

Kafukufuku anapambana. Alendo anajambula, anawomba m'manja, n'kumapita. Galimoto yawo isanatuluke pageti, kalipentala anadzatenga thabwa lake. Ophunzira anali atamwazikana, mayiyo n'kutsala m'kalasi.

"Mwana akundidikira kusukulu ya mkaka," anatero. "Munandilowetsa ndinu, munditulutsenso."

Aphunzitsi awiri aja anavula majekete n'kunyamula njingayo, wina kutsogolo wina kumbuyo. Atatsala pang'ono kufika pansi, msana wa Kafukufuku unati thyo!

"Mayo ine!"

Mayiyo anathokoza mwaulemu, nathamangira mwana wake. Kafukufuku anamunyamula ndi alonda.

Atachoka kuchipatala anabwera ndi ndodo. Anaima pansi pa masitepe a kalasi yake, thukuta lili kamukamu, mwendo ukukana kukwera. Tsiku lomwelo analalatira akuluakulu a koleji kuti nyumba zoterezi n'zochititsa manyazi, ndipo iye wakhala akunena zimenezi kuyambira kale. Sabata isanathe amisiri anamanga njira ya simenti yotsetsereka bwino, ya chitsulo chogwirira m'mbali. Anthu anaitcha njira ya abwana.

Lolemba m'mawa mayiyo anaimika njinga yake pansi pa njirayo n'kufunsa mlonda ngati ophunzira nawonso akuloledwa kudutsapo. Mlondayo anakanda m'mutu, nati adikire pang'ono, akafunse kaye.