Mkazi Mnzanga wa Matayala Anayi

Amuna anga atapuma ntchito ya uphunzitsi, anzawo omwe anapuma nawo limodzi ankagula nkhuku zoweta, ena n'kuyamba kukonda tchalitchi mwadzidzidzi. Iwo anagula mtembo wa galimoto. Ndikuti mtembo chifukwa sinabwere yokha. Inabwera pa chingwe, ikukokedwa ndi lole ya mchenga, amuna anga ali pachiwongolero atawongola khosi ngati anyamula nduna. Inali yaikulu, yoyera kalekale, ya mtundu uja wokoka ndi matayala onse anayi, ndipo pachitseko pankaonekabe zipsera za dzina la bungwe lina lomwe linaitaya litatopa nayo.

"Imeneyi, amayi, ikakutulani pakhomo penipeni pa akulu anu," anatero akusisita boneti. Ine sanandisisitepo choncho chilowereni m'banja.

Koma mawu amenewo ananditseka pakamwa. Akulu anga ndi amene anandilera mayi athu atamwalira. Anakwatiwa kumapiri, kumene maminibasi analeka kupita madzi atakokolola kamlatho. Kunatsala njinga zamoto zokha, ndipo chiuno changa chinazikana zimenezo: dokotala ananeneratu kuti ndikadzachigweranso sindidzadzuka. Akuluwo anali atayamba kudwala, matenda aja amene amadya munthu mosafulumira, ndipo ndinkafuna kukawaona akadali ozindikira anthu. Ndiye ndinameza malovu, n'kulola mtembowo ugone pabwalo, pamalo pomwe ndinkayanika zovala.

Amuna anga si makaniko. Moyo wawo wonse anaphunzitsa ana za mapu, mitsinje ndi mapiri, ndipo chida chokhacho chomwe manja awo ankachidziwa ndi choko. Koma anali ndi nzeru yawoyawo, ndipo ankainyadira.

"Galimoto ili ngati ulendo," ankatero. "Ukasunga njira yomwe wadzera, kubwerera sikuvuta."

Choncho chilichonse chomwe amasula ankachiika pansi, china kutsogolo kwa chinzake, kuti tsiku lomanga adzangoyambira kumapeto n'kumabwerera. Mzerewo unayambira pakhonde. Khonde litadzaza unalowa pabalaza, n'kuzungulira tebulo, n'kudutsa kuseri kwa mpando waukulu, n'kukhotera kuzipinda. Pofika nyengo yozizira, giyabokosi inali itagona kumiyendo kwa bedi lathu, pa nsalu yanga yabwino, ikudontha pang'onopang'ono ngati khanda.

M'nyumba mwathu munthu ankayenda ngati akuwoloka mtsinje podumpha miyala. Kukolopa kunaletsedwa. Kusesa kunkaloledwa pokhapokha eniake ataima pomwepo, maso ali pa tsache. Mabawuti ndi manati anasamukira m'makapu anga a alendo, kapu iliyonse ndi mtundu wake, moti azimayi a kutchalitchi atabwera kudzacheza anamwera tiyi m'makapu apulasitiki a adzukulu. Mmodzi ananunkhiza, n'kunena mwaulemu kuti tiyi wanga akumukumbutsa kudepoti.

Ndinayamba kuitchula mkazi mnzanga, ndipo sindinkanama. M'mamawa ankayamba kukaona iyo ngati yagona bwino. Ine mutu ukandipweteka ankati ndimwe madzi ambiri. Iyo ikangodontha kadontho kamodzi ka oyilo ankagona pansi pake tsiku lonse akuinyengerera.

Ntchito ngati imeneyi sisowa woyang'anira. Wathu anali aneba, amene msewu wonse unkawatchula a Ndinanena, chifukwa palibe chinachitikapo pa dziko lino iwo asananeneretu. Ali ndi kagalimoto kofiira komwe amakatsuka kuposa kukayendetsa. Madzulo aliwonse ankatsamira mpanda, chibwano chili pa mikono.

"Aphunzitsi, safunsa anadya phula. Mukanandifunsa."

"Pang'onopang'ono ndi mtolo, aneba," ankayankha amuna anga ali pansi pa galimoto.

"Mtolowo uli kuchipinda kwanga," ndinkatero ine, koma palibe ankandimva.

Chilimwe chinafika, kutentha n'kukula, mitambo n'kuyamba kusonkhana chakumapiri. Tsiku lina ndikutsuka mbale, foni inalira. Anali mwana wamkazi wa akulu anga, amene ankawasamalira. Ankalankhula ali wefuwefu, chifukwa kuti foni igwire kumeneko munthu amayenera kukwera kaye chitunda.

"Amayi aang'ono, amayi asiya kudya. Akungofunsa ngati mwanyamuka."

Ndinapukuta m'manja, n'kutuluka, n'kukaima pambali pa galimoto. Ndinalankhula ndi miyendo, popeza ndi yokhayo inkaoneka.

"Abambo, akulu anga akufa. Loweruka ndikupita, kaya pa galimoto yanu, kaya pa njinga yamoto. Chiuno chikathyoka mudzachiika pamzere wanuwo, pakati pa batire ndi makapu anga."

Sipanala inasiya kulira. A Ndinanena, omwe makutu awo safuna kuitanidwa, anakhosomola pampanda.

"Ine ndikhoza kuwaperekeza mayiwa mpaka pomwe pathera tara. Kupitirira apo ayi, kanga sikazolowera matope."

Amuna anga anatuluka pansi paja, girisi ali mpaka m'makutu. Anayang'ana aneba, n'kuyang'ana ine. Ndinayembekeza mwambi, koma sunabwere.

"Loweruka," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Kunena zoona ndinali ndi mantha, ndipo mkwiyo unali chophimbira chabe. Ndinkaopa kukapeza anthu akulira, ndinkaopanso kuti ndikadzatero sindidzatha kuwakhululukira bambo amenewa.

Kumanga kunayambira kuchipinda monga mwa pulani, ndipo poyamba zinkayenda. Giyabokosi inatuluka itakwera wilibala ngati mkwatibwi. Njira ya kuzipinda inayera, ndinaonanso simenti yanga. Vuto linabuka pabalaza. Mzere uja, pozungulira tebulo, unadzidutsa wokha pafupi ndi chitseko, ndipo pamphambano pamenepo panali tizitsulo tambirimbiri tofanana. Kodi unachokera kumanja kapena kumanzere? Ndinawapeza ataima pamenepo, manja ali m'chiuno, munthu amene anaphunzitsa mapu moyo wake wonse atasochera pabalaza pake.

"Kumanja," anatero a Ndinanena, amene tsopano anali atalowa m'nyumba ngati wachibale.

Amuna anga anasankha kumanzere, ndikuganiza chifukwa choti aneba anati kumanja. Pomaliza panatsala kachitsulo kamodzi kopindika ngati chogwirira ambulera. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti opanga magalimoto amaika zina zongokongoletsera. Chitini cha ekizozi, chija chimameza phokoso, atachinyamula chinayoyoka m'manja ndi dzimbiri. Anati chimenecho tidzaona pobwera.

Loweruka m'mawa ndinaika chikwama changa kumbuyo, n'kukhala kutsogolo nditapinda manja. Anapotoza kiyi. Galimoto inatsokomola, n'kukhala chete ngati ikuganiza, kenaka inabangula. Mawindo a nyumba ananjenjemera. Agalu a msewu wonse anayamba kuuwa, ndipo khanda la kutsidya linalira. Ndinangozindikira ndikuomba m'manja ngati mwana.

"Ndinanena kuti ilira," anakuwa a Ndinanena, zala zili m'makutu.

Titalowa mu msewu waukulu m'pamene tinadziwa ntchito ya kachitsulo kopindika kaja. Galimoto za mtundu umenewu zimakhala ndi magiya awiri: yaikulu ya masiku onse, ndi kena kakang'ono pambali pake, kosinthira ku mphamvu ya m'matope, imene imakoka ngati ng'ombe koma liwiro lake ndi la ng'ombe yomweyo. Kagiya kameneko kanakakamira kumatopeko. Amuna anga anakakankha, anakakoka, anakamenya ndi chibakera, koma kankangogwedera ngati dzino la nkhalamba, osagwira kanthu. Injini inkalira ngati tikuthawa apolisi, pomwe mitengo ya m'mbali inkadutsa mosafulumira, umodziumodzi. Mabasi ankatiimbira mahutala. Pa mtsetse wina wanjinga wonyamula matumba a makala anatipitirira, n'kutiimbira belu mwaulemu.

Amuna anga anaimitsa galimoto pambali pa msewu. Atazimitsa injini m'makutu mwanga munkangolira. Sanandiyang'ane.

"Tibwerere, amayi. Aneba akuperekezeni. Ndakulakwirani."

Chikwatiranireni sindinawamvepo akulankhula ndi mawu aang'ono choncho. Ndinali nditasunga mawu ambiri oyenera nthawi imeneyi, ndipo ena anali okoma kwambiri. Koma ndinaona manja awo pachiwongolero, zikhadabo zakuda, mabala pa chala chilichonse, manja a choko amene anawazunza miyezi yonseyo chifukwa cha ine. Ndinayang'ananso kumapiri, komwe kunali bii.

"Kuthamanga sikufika," ndinatero. "Yendetsani, ndisanasinthe maganizo."

Tinayenda. Ikatentha tinkaima n'kuimwetsa madzi, mpaka inamaliza ndi a m'botolo langa omwe. Dzuwa litapendeka tinafika pomwe pathera tara, n'kupeza mvula itagwa kale. Lole ina inali itatitimira mpaka m'mimba, ndipo anyamata a njinga zamoto anali atabisala pansi pa mtengo, akukana aliyense wofuna kukwera. Atationa anaimirira kuti aonere bwino.

Mkazi mnzanga analowa m'matope osazindikira n'komwe kuti msewu wasintha. Liwiro lomwe anali nalo pa tara ndi lomwelo anali nalo m'thope. Anailambalala lole ija, n'kukwera chitunda choterera akubangula, n'kutsikira ku mtsinje komwe kunali kamlatho kale. Madzi anafika pachitseko, ena n'kulowa kudzanditsuka mapazi. Ndinagwira bondo la amuna anga mwamphamvu moti mawa lake linali lotupa. Titatulukira tsidya linalo, matayala akukanda miyala, anapukuta thukuta ndi phewa.

"Mwaona, amayi?"

"Ndaona. Yang'anani kutsogolo."

Kuchokera pamenepo nthabwala zinandithera. Foni sinkagwira, ndipo ndinalibe njira yodziwira ngati tikupita kukaona wodwala kapena kukalira maliro. Phiri lililonse linkabala linzake. Ndinkapemphera, koma phokoso linali lalikulu moti sindikudziwa ngati Mulungu ankamva.

Titakhotera pakhomo, ndinaona chimene ndinkaopa. Pabwalo panali anthu, azibambo pa mipando, azimayi pa mphasa, onse nkhope zili zogwa. Amuna anga anazimitsa injini, ndipo ndinatchera khutu kuti ndimve kulira. Kunali zii. Mwana wa akulu anga anabwera akuthamanga.

"Ali maso, amayi aang'ono. Akhala akukumvani kuyambira muli ku mtsinje."

M'chipinda munali mdima ndi fungo la mankhwala. Pa bedi panali kamunthu kochepa kwambiri, moti ndikanapanda kuona maso sindikanakhulupirira kuti ndi mayi uja ankandibereka kumsana popita kuchigayo. Ndinagwada, chiuno chikudandaula, n'kuwagwira dzanja.

"Iwe," anatero ndi mawu okhuthala, "wabwera ndi chiyani? Ndimayesa akugumula phiri."

"Galimoto ya alamu anu."

"Masanawa ndinatsala pang'ono kupita. Ndinali nditatopa kukudikira. Ndiye ndikumva chiphokoso kumunsiko, chikubwera, chikubwera, osafika. Ndati ayi, ndiyambe ndaona chitsiru chake."

Amuna anga anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja, matope mpaka m'mawondo.

"Chitsirucho ndine, alamu."

Akulu anga anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nanga mwaizimitsiranji? Kuno anthu akungonong'onezana, akuyenda monyang'ama ngati ndafa kale. Ndatopa nawo. Kayatseni."

Amuna anga anayang'ana ine. Ndinawalozera kunja ndi chibwano. Posakhalitsa inabangula, ndipo ulendo uno anaiponda ndi mtima wonse. Malata anagwedezeka, fumbi n'kuyoyoka kudenga. Pawindo ndinaona nkhuku zikuulukira pa mpanda, ndi azibambo aulemu aja, amene anabwera kudzakhala mwachisoni, akuthawa utsi atanyamula mipando yawo. Akulu anga anaseka. Mawu sankatuluka, koma chifuwa chinkagwedezeka, misozi ikutsikira m'makutu, ndipo dzanja lawo linandifinya pamkono. Inenso ndinaseka, kenaka ndinalira, ndipo sindinabise.

Milomo yawo inayamba kuyenda. M'phokoso limenelo sindinamve kanthu, ndiye ndinawerama mpaka khutu langa linakhudza tsaya lawo, ndikuganiza kuti ndi mawu otsiriza. Ankafuna tiyi, wa shuga wambiri, ndipo anati ndipange ineyo chifukwa mwana wawoyo ndi woumira.

Anamwa theka la kapu. Anamwalira patangopita masiku ochepa, masana, mutu wawo uli pamiyendo panga. Ine ndinalipo.