Kukakalipira Manda ku Phirilongwe

Amuna anga a Davide anafera ku Phirilongwe atasenza katundu wa alendo okwera phiri. Njoka inawaluma, mitsinje inali itadzaza, anzawo anangowaika komweko. Ndinali nditawaletsa kuti asapite chifukwa bwato lathu linkadontha, koma iwo amvekere thengo likundiitana. Munthu wa ana asanu kumaitanidwa ndi thengo!

Mvula itatha ndinamva kuti a Iddi, mnzawo amene ankatsogolera maulendowo, akutenganso kagulu kena. Ndinachoka ku Nkope m'mawa n'kukawatsekera njira.

"Alamu, uku si kopita amayi," anatero.

"Nanga n'kofera amuna a eni? Ndikukawakalipira pamanda pawo. Mawu andikhala pakhosi, chakudya sichikutsika."

A Iddi anagonja, tinanyamuka. Alendo anali aphunzitsi awiri a ku Zomba ndi mayi wachizungu. Anyamata a chipani otchedwa a Yufi anatiimitsa pamsewu n'kuona makadi athu a chipanicho, ndipo titangolowa m'tchire mzunguyo anamasula chitenje n'kutsala ndi thalauza, chovala chimene boma linkaletsa akazi. Ndinayang'ana kumbali.

A Iddi anatiimika. "Muno timayenda mondondozana. Madzi muzimwa pang'onopang'ono. Ndikakweza dzanja, aliyense aime. Wothawa ndiye amafa. Ndipo inu alamu, pakamwapo."

"Pakamwa panga patani?"

"Pamamveka mpaka ku Makanjira."

Aphunzitsi anaseka, koma chitunda chinawaletsa msanga. Mmodzi anabwera ndi nsapato zatsopano. Dzuwa lisanafike pamutu anali atazikoleka m'khosi, akutsimphina ngati nkhuku yomangidwa mwendo.

Ine ndinakulira pamchenga. Sindinkadziwa kuti mitengo ingaphimbe dzuwa mpaka munthu kumva kuzizira masana, kapena kuti mwala umodzi ungapose tchalitchi chathu. Nditacheuka pamwamba, nyanja imene ndimachapamo inali ngati nsalu yoyanikidwa pansi. Mudzi wathu sunkaoneka n'komwe.

A Iddi ankagwedeza kathumba ka phulusa kuti aone kolowera mphepo. Mwadzidzidzi dzanja m'mwamba. Tonse tinaima.

Kutsidya kwa khwawa kunali manda a Davide: mulu wa miyala, pamwamba pake mtanda wa timitengo womangidwa ndi luzi. A Iddi ndi Msilamu, koma anaumanga okha. Ndipo pamenepo panaima gulu la njovu.

Ndinkangozimva kwa anthu olira chimanga chawo. Palibe anandiuzapo kuti chinthu chachikulu chotero chimaponda popanda phokoso. Yaikulu, ya khutu long'ambika, inatambasula chitamba n'kumanunkhiza miyalayo umodziumodzi, mosafulumira. M'mimba mwake munkagunda ngati mvula yakutali, ine kumazimvera m'mapazi. Kamwana kanafuna kukwera pamulu, mayi wake anakakankha ndi mwendo. Kenaka anathyola nthambi yamasamba, anaigwedeza, n'kuisiya pamanda.

Mawu anga anali atafika kale palilime. Ndikanangotsegula pakamwa, tonse tikanathera pakhwawapo. Ndinaluma chitenje. Mphunzitsi wopanda nsapato anandigwira mkono, mzungu misozi ili mbwembwembwe.

Zinachoka nthawi imene zinafuna zokha. Mitengo inatseka pambuyo pake ngati sipanadutse kanthu.

"Pitani mukalankhule," anatero a Iddi. "Koma monong'ona. Sizinapite patali."

Yesani kukalipa monong'ona muone ngati zimatheka. Ndinawoloka khwawa, ndinagwada, maondo anga onse awiri anakwana m'phazi limodzi la njovu. Dothi lake linali lofunda.

"Bambo a Mabel," ndinatero, "ndinu munthu woipa. Mwandisiyira ana ndi njala." Mawuwo anatuluka ochepa ngati a mwana wodwala. Ndinayang'ana m'mwamba, mitengo ija ikungogwedezeka. "Zaka zonsezi mumaona zimenezi nokha, osanditengako ngakhale kamodzi?"

A Iddi anaimba likhweru lapansipansi. Mphepo inali itayamba kutembenuka. Ndinakonza nthambi ija kuti igone bwino pamiyala, ndinadzuka, n'kukalowa pamzere pambuyo pa mzungu.