Masamba Makumi Anayi Otsala

Musandiuze zoti buku ndi mapepala chabe, tingayambane. Ine ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita zovala za anthu, tsiku lonse chiimire, nthunzi ya simbi ikundiwawula kumaso. Nthawi yopuma masana anzanga amadya uku akujeda abwana. Ine ndinkawoloka msewu n'kukalowa mu laibulale.

Bukulo linali la achinyamata, inde, ndipo ine ndine ntchembere ya ana awiri. Nanga inu zikukukhudzani pati? Linkasimba za achinyamata asanu amene anapangana zokaba mvula imene mfumu ina yankhanza inatsekera m'bokosi lachitsulo, pamwamba pa nsanja yolonderedwa ndi agalu amiyala. Mtsikana wowatsogolera ankamva zimene maloko akunong'ona. Mwana ameneyu ndinamukonda ngati mng'ono wanga weniweni, ndi pakamwa pake pachipongwe pomwepo. Tsiku lina anandiseketsa mpaka bambo wina wowerenga nyuzipepala anandiyang'ana ndi diso lofiira, ine osalabada.

Kubwereka sindinkabwereka. Kunyumba timakhala ndi apongozi anga, mayi oti akangoona chinjoka pachikuto cha buku amayamba kupemphera mokuwa, ndipo kope la zojambula la mwana wanga analiponya kale pamoto. Ndiye ndinkawerengera momwemo, masamba khumi ndi asanu patsiku. Nthawi ikatha ndinkalibisa pashelefu yapansi, kuseri kwa mabuku a kakonzedwe ka mapaipi a madzi, kumene munthu wanzeru zake safikako. Ndinkaopa kuti wina angalibwereke n'kukhala nalo mwezi wathunthu, ine mtima uli m'malere.

Lachisanu ndinalekeza pamene asanu aja atsegula chitseko chomaliza n'kupeza asilikali akuwadikira. Mmodzi mwa iwo anali atawagulitsa. Koma ndani? Ine ndinkakayikira kamnyamata kofatsa kaja, poti ofatsa ndi amene amaononga. Loweruka ndi Lamulungu ndinangokhalira zomwezo, mwamuna wanga akundifunsa ngati ndikudwala.

Lolemba ndinafika ndikuthamanga. Ndinagwada, kupisa dzanja kuseri kuja, n'kukhudza thabwa lokhalokha. Theka la shelefu linali mbee.

Ndinapita kwa mayi woyang'anira laibulale, uja wovala magalasi pansonga ya mphuno. "Pepani mayi, mabuku a pashelefu yapansi apita kuti?"

"Tachotsa akale," anatero osadzutsa mutu. "Loweruka galimoto ya ogaya mapepala inadzatenga."

Ndinawauza dzina la buku langa. Anagogoda pakompyuta pang'onopang'ono ngati akusankha mwala mu mpunga.

"Lapita nawo limenelo. Zaka zitatu osabwerekedwa. Buku likakhala zaka zitatu lopanda chidindo timalichotsa, atsopano apeze malo."

Magazi anga anawira. "Mukuti chiyani? Milungu itatu ndakhala ndikuliwerenga pampando uwo, inu mukundiona ndi maso anuwo. Ndatsala ndi masamba makumi anayi okha."

"Kompyuta siona anthu okhala pampando, mayi. Imaona zobwerekedwa."

Apa ndiye ndinamasula pakamwa. Ndinawauza kuti nyumba yosungira mabuku imene imagaya mabuku ndi chimodzimodzi mlonda wogulitsa zitseko. Ndinawafunsa ngati pali lina, anati linali limodzi lomwelo, ndipo m'masitolo linasiya kalekale kupezeka. Ndinawafunsa ngati iwowo analiwerengako, andiuze chabe amene anagulitsa anzake. Akuti iwo za ana sawerenga. Munthu kukhala pakati pa mabuku zaka zonsezi ngati mphaka wogona pa thumba la ndiwo zamasamba, osalawako. Mawu anga anakwera mpaka onse a m'chipindamo anatembenuka, ndipo sindinachite manyazi ngakhale pang'ono.

Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenako anavula magalasi.

"Inetu zandipweteka, musaone ngati ayi. Pali mphunzitsi wina wabwera katatu mwezi uno kudzalifuna, akuti awawerengere ana a m'kalasi mwake. Tinasanthula mashelefu onse a nkhani zopeka, ine ndi iye, osalipeza. Akanangolibwereka kamodzi, chidindo chikanagwa, bwenzi lero lilipo. Tinalipeza Loweruka m'mawa, litapanikizidwa kuseri kwa mabuku a mapaipi, dzina lake lili kale pamndandanda wa ochotsedwa." Anapukusa mutu. "Tandiuzani inu, ndi munthu wamtundu wanji amene amabisa buku la anthu onse?"

Anandiyang'ana kudikira yankho. Ukali wonse uja unali ukadali momwemo koma ukusowa kolowera.

"Ndi chitsiru chenicheni," ndinatero, ndipo sindinkanama.