Tiyeni, ba Chabwera

Galu uja Fanwell anabwera naye kuchokera kumaliro a mayi ake ku Katete, ndipo sabata isanathe komboni yonse ya Chawama inali itamudziwa. Galuyo anagubuduza beseni la tomato la ba Maggie, eni nyumba imene Fanwell ankachita lendi, kenako n'kuthamangitsa nkhuku zawo mpaka m'chimbudzi. Ba Maggie sanapsatire mawu. Anati Loweruka a zanyama akubwera pabwalo la mpira kudzabaya agalu katemera wa chiwewe, ndipo galuyo akapanda kukafika kumeneko ali pachingwe, akuyenda ngati galu wa anthu, achoke payadi pawo. Mayi ake a Fanwell sanasiye mbuzi, sanasiye njinga. Anasiya Chabwera basi, galu wofiira wa khutu limodzi logwa.

Lolemba ataweruka koumba mabuloko, Fanwell anagula chingwe cha nayiloni n'kumumanga m'khosi. Mayo ine, sewero lake! Chabwera ankafuna kuona zonse nthawi imodzi: pulasitiki youluka, utsi wa nyama yootcha ya michopo, mayi wokazinga vitumbuwa, ngakhale mchira wake womwe. Kondakitala wa minibasi akangokuwa kuti "Tauni! Tauni!" galu ankadumpha ngati aitana iyeyo. Fanwell anakokedwa kulowa m'ngalande, kutulukamo, kuzungulira mzati wa magetsi katatu mpaka onse awiri anamangika pomwepo. Azimayi a pamsika anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo wina anafunsa kuti kodi pamenepa ndani akuphunzitsa mnzake.

"Tiye, iwe! Tiye!" Anakuwa Lachiwiri, anakuwa Lachitatu, mawu mpaka kusasa. Anamunyengerera ndi tinsomba ta kapenta, galu anadya n'kukhala pansi. Anakoka chingwe, galu n'kugona chagada miyendo m'mwamba. Kumumenya sakanatha, galu wa amayi ameneyo, koma tisanamizane, dzanja linkamuyabwa.

Lachisanu dzuwa litapendeka, Chabwera anakhala pakati pa msewu, maso ali pa gulugufe, wosafuna kumva za munthu. Fanwell zinamukwana, ndipo anaona kuti bola angodziseka yekha. Anavula kapusi, anagwada pafumbi, n'kuomba m'manja ngati wafika kwa apongozi.

"Tiyeni, ba Chabwera."

Galu anaimika khutu lake labwino lija. Anadzuka, anadzisansa fumbi, n'kubwera kudzaima pambali pa mwendo wake. Fanwell anaponya phazi, galu naye phazi. Nkhuku inadutsa, Chabwera khosi n'kupotoka, Fanwell anangoti chapansipansi, "Ilekeni," ndipo galu anailekadi.

Apo m'pamene anakumbukira. Mayi ake sanatchulepo munthu kuti iwe, ngakhale khanda la dzulo. Zaka zawo zomaliza ankakhala okha, wocheza naye anali galuyu, ndipo popita kudimba ankangoti "Tiyeni," pofika n'kuti "Khalani apa." Ndiye kuti sabata yonse Fanwell ankangolalatira galu wa ulemu wake, ndipo galuyo ankayesa kuti akuuza wina.

Loweruka m'mawa anadutsa pakati penipeni pa msika, chingwe chili lende. Tiyeni uku, imani kaye, basopu wilibala. Pamzere wa katemera anamveka akupepesa kuti, "Osayopa ba Chabwera, ni kanyeleti kang'ono chabe." Anthu anagwa nacho chiseko. Azibambo a mawilibala anayamba kuvulira galu zipewa, mayi wina wa makala n'kumugwadira ndithu. Fanwell manyazi analibe. Anaseka nawo mpaka misozi, koma misozi ina sinali ya chiseko, chifukwa mawu amene ankatuluka m'kamwa mwake anali a mayi ake enieni, ndipo anawasowa kwambiri.

Atabwerera anapeza ba Maggie ataima pageti, manja ali m'chiuno. Anawerenga khadi la katemera kawiri, anayang'ana chingwe, anayang'ana nkhuku zawo zikudutsa pamphuno pa galu popanda kuthothoka nthenga. Kenako anakankha geti n'kupatuka pang'ono.

"Lowani," anatero, ndipo sankauza Fanwell.