Tsitsi la Mwana Wowaza Maluwa

"Khala bwino iwe, undithyolera chipeso," anatero make Kanjiwa, atamupana mwanayo ndi maondo pakhonde.

Ankamasula tsitsi lolukidwa, kwinaku akupala khungu la m'mutu ndi mano a chipeso kuti mfundu zichoke. Atatha anamusambitsa mutu ndi sopo, kumukwecha ndi zikhadabo mpaka mwana kufinya maso. Sankafuna kuti kusaluni akanene kuti wabweretsa mwana wa mutu wauve.

Mawa lake unali ukwati wa alamu ake, mchemwali wa mwamuna wake. Kanjiwa, wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye anasankhidwa kuyenda patsogolo n'kumawaza maluwa. Koma alamuwo anaika lamulo lakuti ana onse apamzere awongoledwe tsitsi.

"Waya wotsukira mapoto ali kumutu kwa mwana wanuyo asaoneke pazithunzi zanga," ananena akuseka.

Make Kanjiwa anaseka nawo, mtima ukuwawa. M'banja limenelo analowamo kalekale, koma ankamuonabe ngati mlendo wobwera dzulo. Kukana kukanangowapatsa apongozi nkhani ya chaka chonse. N'chifukwa chake panjira yopita kusaluni anamugwira mwanayo paphewa.

"Kumeneko kuli agogo ako ndi azakhali ako. Usakandichititse manyazi. Ndikangomva kulira, maluwa akawaza wina. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Saluniyo inali kachipinda kamodzi kodzaza ndi azimayi, fungo la mankhwala likutsamwitsa. Mkwatibwi anali atakhala pagalasi lalikulu, apongozi pambali pake akulamula chilichonse. Mayi wasaluni anakweza Kanjiwa pampando, pansi atamuikira pilo, n'kutsegula chibotolo cha mankhwala owongolera tsitsi chomwe anali atangothirako operekeza mkwatibwi.

"Kodi a ana palibe?" anafunsa make Kanjiwa chapansipansi.

"Atha. Ndiponso tsitsi ili ndi lamakani, a ana sangalithe."

"Musiyeni agwire ntchito," anatero apongozi osatembenuka. "Kukongola n'kupirira. Tonse tinadzera momwemo."

Mayi wasaluni anavala magolovesi, manja ake asapse, n'kuyamba kumata phala loyeralo pamutu wa mwana. Mafuta oteteza khungu sanapake, nthawi inalibe.

"Mutu ukayamba kuwotcha unene, wamva?" anatero, n'kuthamangira kwa mkwatibwi.

Ndi mmene ankagwirira ntchito mmenemo. Pakhoma panalibe wotchi. Wotchi inali pakamwa pa mwini mutu: akafuula kuti "ndapsa!", ndiye kuti mankhwala agwira, athamangire naye kubeseni.

Pomwepo zinadziwika kuti mapini a nsalu yakumutu ya mkwatibwi aiwalidwa. Maso onse anagwera make Kanjiwa, poti wotumidwa m'banjamo ankakhala iyeyo. Anayang'ana mwana wake, mwana anamumwetulira, ndipo iye anatuluka. Sitolo yoyamba inalibe mapini. Yachiwiri inali ndi mzere.

Pobwerera anapeza azimayi akuyamikira.

"Mwana uyu mwamulera, mayi. Ife akuluakulu tinali kuvina pampando, iye phee!"

Kanjiwa anali atakhala chowongoka, zala zitakanirira m'mphepete mwa mpando. Thukuta linali pamphuno, mlomo wapansi atauluma. Mayi ake atayang'ana pansi anaona madzi akudontha kuchokera papilo, kutsetsereka m'mwendo wa mpando. Mwana anali atadzikodzera.

"Mutsukeni! Mutsukeni msanga!" anafuula make Kanjiwa.

Kubeseni madzi atangofika pamutu, thupi lonse la mwanayo linanjenjemera. Tsitsi linayamba kutsalira m'manja mwa mayi wasaluni ngati ulusi wonyowa. Pamwamba pa khutu ndi pankhongo khungu linali litasupuka, lofiira, likutuluka madzi.

"Mayi inu, mwanayu munamukanda?" anafunsa mayi wasaluni.

"Ndinangomusambitsa m'mawa, ndi kuchotsa mfundu."

"Mayo ine! Mutu wokanda sauthira mankhwala! Ndani sadziwa zimenezi?"

"Munandifunsa?"

"Nanga iyeyu bwanji sananene? Ine ndinamuuza kuti anene!"

Kanjiwa anadzutsa nkhope, madzi akuyenderera m'khosi.

"Amayi, sindinalire," anatero. "Ndiwazabe maluwa, eti?"

Apongozi ndi amene anayankhula.

"Ukhondo wonyanya ndi umenewu. Pano tiyika ndani patsogolo?"

Kuchipatala namwino anameta tsitsi lotsala mozungulira zilonda, akupukusa mutu.

"Mankhwala amenewa amadya tsitsi kuti liwongoke, mayi, ndipo khungu salisankha. Azimayi akuluakulu amabwera muno ndi zilonda, nanji kamwana aka? Zilonda zipola. Koma apa pankhongo papsa kwambiri. Sindikulonjezani kuti tsitsi lidzameranso."

Atafika kunyumba anapeza mwamuna wake akupukuta nsapato za ukwati. Bamboyo anayang'ana mabandeji, nkhope inagwa, koma mawu ake oyamba anali ena.

"Madzi akatayika sawoleka, mkazi wanga. Chonde nkhaniyi isakule, ukwati usasokonekere."

Chakumadzulo alamu anatumiza kathumba. M'katimo munali kawigi kakang'ono kakuda, kosalala, ndi uthenga wakuti amuveke pamwamba pa mabandeji, pazithunzi sipadzaoneka kanthu. Make Kanjiwa anakagwira kawigiko nthawi yaitali. Chomwe chinkamuwawa koposa n'chakuti sankadziwa woyamba kumukwiyira. Alamu analamula, mayi wasaluni anathira, apongozi anavomereza. Koma zikhadabo zinali zake, ndipo pakamwa pa mwana anatseka ndi iye mwini, pofuna kukomera anthu amene sanamukondepo n'kamodzi komwe.

"Bwezani," anauza mwamuna wake. "Mwana wanga sapita, inenso sindipita."

"Ukudziwa zomwe amayi adzanene?"

"Adzanene. Pakamwa ndi pawo."

Ukwati unachitika. Maluwa anawaza mwana wa msuweni wina, ndipo amene anapitako ankati zinakoma zedi. Kusaluni nkhani inafala yakuti mayi wina wosadziwa zinthu anapsereza mwana wake yekha. Kanjiwa anagona chafufumimba tsiku lonselo, poti chagada sakanatha, ndipo diresi lake loyera linakhalabe pahang'ala kuseri kwa chitseko.

Zilonda zinayamba kuuma n'kuchita nkhanambo. Namwino anachotsa mabandeji n'kupereka mafuta oti azimupaka kunyumba m'mawa uliwonse. Pamwamba pa khutu timatsitsi tinayamba kutuluka. Pankhongo panatsala chipsera chosalala, chachikulu ngati chikhatho cha mwanayo.

M'mawa woyamba make Kanjiwa anasamba m'manja, anawenga zikhadabo zonse, n'kukhala pakhonde ndi mafuta aja.

"Bwera, mwanawe, ndikupake. Sindikupweteka."

Kanjiwa anabwera mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Koma dzanja la mayi ake litangoyandikira, anaphimba mutu ndi manja onse awiri, n'kubwerera cham'mbuyo mpaka msana unagunda khoma.

"Andipake adadi," anatero.

Make Kanjiwa anapereka mafutawo kwa mwamuna wake. Anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene mwana sakanamuona, ndipo anakhala pansi.