Phulusa Lobiriwira

Mwamuna wanga Argiris popita kukagwira ntchito ku Germany mu 1964, maenje athu ofufutira zikopa anawasiya m'manja mwa akulu ake, a Lefteris. Ine anandisiyira mwana wa miyezi isanu ndi chidindo chamkuwa cha dzina lake. Kuno ku Karlovasi ogula sayang'ana chikopa, amayang'ana chidindo. Chikangodindidwa pa chikopa chachinyengo kamodzi, dzinalo lafa, Argiris adzapeza maenje opanda ogula.

Chikopa cha ng'ombe chimagona m'madzi a makungwa a paini chaka chathunthu. Sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu, koma miyezi ndimatha kuwerenga. Alamuwo anafika itangokwana inayi, bulu atasenza zikopa khumi.

"Tulutsa chidindo, Stamatia. Sitima yapamadzi ya ku Piraeus inyamuka mawa."

"Zapsa kale, alamu?"

"Chaka chino kwatentha. Makungwa aluma msanga."

"Kwatenthera maenje athu okha? Za aneba athu a Sideris zikadali m'madzi."

"Iwe za zikopa unazidziwira kuti? Kachape matewera uko."

Ndinagwira chimodzi. Chinali chofewa mopitirira. Fungo la paini linalipo, koma lapamwamba chabe, ngati la munthu wodzola mafuta asanasambe. Ndinawathirira khofi. Ali mkati momwa, ndinadula kachidutswa chakumchira ndi mpeni wa anyezi, n'kukaponya pa makala a m'mbaula.

Bambo anga anafufuta zikopa zaka makumi atatu. Ankati chamakungwa chikapsa chimasiya phulusa lotuwa, koma cha mankhwala atsopano obwera m'migolo aja chimasiya lobiriwira.

Alamu anasiya kumwa. Tonse maso pa makala, mwana akundikoka tsitsi. Kenako ndinatapa phulusalo ndi supuni, n'kuwaikira pa sosa. Lobiriwira ngati ndere.

"Aliyense akutero masiku ano," anatero motsitsa mawu. "Zaka zisanu sizitha, maenje onsewa adzakhala a achule. Mwamuna wakoyo adzadya paini?"

"Mwina mukunena zoona. Kagulitseni, koma pa dzina lanu."

"Langa akulidziwa ndani?"

"Ayamba kulidziwa mawa."

Anadzuka osatsanzika n'kuyamba kumasula bulu. Ndinawatsata mpaka pachipata, dzanja nditatambasula.

"Mundisiyire kiyi wa kumaenje, alamu."

Anatulutsa kiyiyo n'kumuponya m'fumbi. Ndinasamutsira mwana kudzanja lamanzere, n'kutola.