Akakowa Akuda a ku Utale

Festus Likaka anatuluka m'chipatala cha ku Balaka dzanja lamanzere lili m'chikhakha. Sanapite kwawo. Anakwera kabaza kulunjika ku Utale, pa kamlatho pomwe thanki ya dizilo yomwe ankayendetsa inagubuduzika mvula itadya msewu.

Thankiyo anali ataikoka kale. Panatsala magalasi osweka ndi fungo lobaya m'mphuno. Kamtsinje kanali katanyamula mafuta onse n'kukawathira m'dambo la kumunsi. Festus anatsata madziwo wapansi.

Dambolo linali zii. Achule osalira, mpheta osamveka. Pamwamba pa madzi pankanyezimira ngati utawaleza. M'mabango munaima akakowa ambirimbiri, koma osati oyera monga amakhalira. Anali bii, nthenga zitamatirira pathupi, makosi atapinda. Anawayandikira mpaka kutsala pang'ono kuwakhudza, koma palibe mbalame yomwe inathawa. Zinkangomuyang'ana.

"Ngati mwabwera kudzatola ndiwo, bwererani bambo. Agalu omwe anadya mbalamezi dzana afa."

Anatembenuka. Anali mayi wamtali, wovala mpango wakuda, khasu lili m'manja. Anati dzina lawo ndi a Mwanahawa, ndipo dimba la mpunga loyandikana ndi dambolo linali lawo. Pambali pawo panali dzenje, m'menemo muli atsekwe, akakowa ndi nantchengwa mmodzi.

"Iyayi mayi, ndimangodutsa," anatero Festus.

"Odutsa alinso ndi manja. Limodzi lomwelo likwana."

Anamupatsa beseni la madzi a pamjigo ndi sopo. Zamoyo ankazisambitsa, zakufa ankaziponya m'dzenje. Festus anapana tsekwe pakati pa mawondo n'kuyamba kumupukuta. Mtima wa mbalameyo unkagunda mofulumira pachikhatho pake, kenako unayamba kuchedwa, kenako unaleka. Anapitirizabe kupukuta mpaka a Mwanahawa anamulanda.

"Zimadzikonza nthenga ndi mlomo, ndiye zimameza mafutawo," anatero mayiwo. "Zomwe ndinasambitsa dzulo zatsala ziwiri."

"Nanga mukuvutikiranji?"

"Ndizisiye zikundiyang'ana choncho? Ndikamalima zimakhala kumbuyo kwangaku." Anafwenthera pansi. "Adalaivala aja akuti anafera kuchipatala. Mulungu awakhululukire. Tinawawerengera pemphero la duwa kumzikiti, ngakhale sitikudziwa ngati anali Msilamu."

Festus anaweramitsa mutu. Anayang'ana m'madzi a m'beseni, koma munali mafuta okhaokha, nkhope yake sinaoneke.

"Sanafe, mayi," anatero motsitsa mawu. "Ndine."

A Mwanahawa anayang'ana chikhakhacho, kenako nkhope yake, nthawi yaitali. Sanakuwe, sanatukwane. Anasuntha pang'ono chammbuyo, milomo ikunong'ona mawu a Chiarabu.

"Ndinu munthu ndithu?"

"Ndine munthu."

"Ndiye kumbani dzenje lina. Ili ladzaza."

Anakumba ndi dzanja limodzi, khasu likumupulumuka. Dzuwa litapendeka, kakowa mmodzi mwa osambitsidwa anatambasula mapiko. Onse awiri anasiya ntchito. Mbalameyo inathamanga pang'ono, inanyamuka kufika msinkhu wa mabango, n'kukagwera pakati penipeni pa dambo, pomwe mafuta anali ochindikala. Inapalapata kanthawi. Palibe akanatha kufikapo.

Festus anagona kwa achimwene a mayiwo, a Swaibu, ndipo anakhala komweko mpaka m'mabango munalibenso chosambitsa.

Dzanja litapola, abwana ake anamuitana kuti ayambirenso ntchito. Anakwera galimoto ya thanki, analiza injini, koma fungo la dizilo litangomufika anatsika n'kukasanza kuseri kwa matayala. Lero amagulitsa matimati pa Phalula.

Chaka chatha anakumana ndi a Swaibu pamsika. Anawafunsa za dambo lija.

"Mpunga wamera," anatero a Swaibu. "Achule abwerera. Koma ng'ombe zikudya zokha, popanda akakowa ozitsata kumbuyo. Achemwali analeka kupita kudimba okha. Akuti akawerama kuti apalire amamva ngati pali zowayang'ana m'mabango, koma akadzutsa mutu, mulibe kanthu."